Doko Loyandama pa Saimaa

Doko la malemu bambo linali lamatabwa, lokhomera pansi,
ndipo chaka ndi chaka madzi oundana ankaligulula mano.
Chaka chatha analitafuna lonse.

Ku Savonlinna, Raimo wa m'sitolo sanataye nthawi ndi moni:
"Njinga yanu ya pamadziyo imalemera bwanji?
Nanga mphepo imachokera kuti kwanuko?"
Kulemerako ndinkakudziwa. Za mphepo ndinagwira njakata.
Zaka makumi asanu pagombe limodzi,
sindinaifunsepo kwawo.

Ndinasankha lapulasitiki, lotuwa ngati phulusa,
la zidutswa zolumikiza, timatayala pakati
kuti njinga izikwera chokwawa ngati katumbu pamwala.
Sirkka anati n'lonyansa.
Koma ndiye amene amalawirirapo m'mawa,
khofi m'manja, mapazi m'madzi.

Palibe anandiuza za ndere zomera kunsi,
za abakha amene aliyesa chimbudzi chawo,
za unyolo umene umalira usiku
boti la a Kettunen likadutsa mothamanga.

Madzi akakwera, nalo limakwera.
Akatsika, silitsutsa.
Khalidwe limenelo ine sindinaliphunzirebe.

Lero Okutobala akutha,
m'mphepete mwayamba kuuma ngati galasi.
Tamasula mabawuti, zala zachita dzanzi,
limodzi lapulumuka, chubwi! Sirkka akuseka mpaka misozi.
Takokera zidutswa kumtunda, pansi pa mitengo ya paini,
tafunditsa lona.

Gombe latsala mbulanda.
Bawuti lija tidzalifuna mu Meyi,
ngati mawondo adzalola.