Chingwe cha Mbuzi

Pepala langa labwerako ndi bala lofiira.
A Gervazio azunguliza malo opanda kanthu
kutsogolo kwa dr dθ
nalemba m'mbali: r wako ali kuti?
Zisanu ndi zitatu mwa makumi awiri.
Kuno ku Matundo ngakhale mthunzi umawotcha,
koma tsikulo ndinamva tsemwe.

Lachisanu ndinalipinda kanayi, ndinakwera chapa,
kudutsa fumbi la malasha ku Moatize,
kukwera zitunda
mpaka mphepo ya kwathu ku Domwe inandiluma makutu.

Mlongo wanga Anakleto anali kudambo,
wakhoma chikhomo, wamangirira Mwanditola,
mbuzi yamawanga ija inamaliza nyemba za eni chaka chatha.
Ndinakhala pachulu, ndilibe mawu.

Mbuzi sidziwa x, sidziwa y.
Munda wa mizere yowongoka ilibe nawo ntchito.
Imadziwa ziwiri basi:
chingwe chafika pati,
ndipo mphuno yaloza kuti.

Ili pafupi ndi chikhomo inapotoloka pang'ono,
n'kubudula udzu wosadzaza n'kamwa momwe.
Kenaka inakoka chingwe mpaka kuti nga,
inapotolokanso pang'ono pomwepo,
osawonjeza, osachepetsa,
koma taonani msipu umene yasesa,
mkono wathunthu!
Kupotoloka n'kumodzi,
udzu ukukula ndi chingwe.

Ndinathyola kamtengo.
Pansi ndinajambula kakhola ka zipinda zinayi.
Gwira θ asagwedezeke, kankha r,
ona x wasuntha bwanji, y wasuntha bwanji.
Tsopano gwira r, kankha θ.
Pamwamba kosi, pambali pake r saini wokhala ndi ngongole,
pansi saini, pambali pake r kosi.
Chulukitsa mopingasa, uku ndi uku, chotsera.
Ngongole yochotsedwa isanduka phindu,
kosi ndi saini, aliyense wadzichulukitsa yekha,
akumbatirana nakhala chimodzi,
fumbi likatha
watsala r yekha,
ali njo pakati pa dambo ngati chikhomo.

Jakobiyani, dzina lolemera ngati thumba la feteleza,
kani ndiwe mtengo wosinthira?
Pa Zobue anyamata a mipukutu m'manja
sakupatsa kwacha imodzi pa metikali imodzi,
amayamba afunsa lero zikuyenda bwanji.
Ine ndinawoloka malire a x ndi y
n'kulowa dziko la chingwe ndi mphuno
ndi ndalama zakwathu m'thumba,
n'kumadabwa kuti wogulitsa akundiyang'ana chonchi bwanji.

Anakleto anasuzumira zolemba zangazo,
nzimbe ili kukamwa.
Ndinamufotokozera zonse, mpaka thovu.
Anati, Felizarda,
zaka ziwiri ku Tete, mbatata ya mayi yathera pa iwe,
kuti ukamve zoti chingwe chachitali chimakhutitsa mbuzi?
Ndinati ayi, kuti ndidziwe chimakhutitsa kangati.
Analavula zikhambi.
Kangati?
Ndinati ukachiwirikiza kawiri, udzu ndi kanayi.
Anayang'ana chingwe, anayang'ana nyemba za a Fulatira
zili phee kutsidya kwa ngalande,
anati usayerekeze.

Dzuwa linapendeka.
Mwanditola inabwerera chakuchikhomo, mimba ili tuu,
inaponda kakhola kanga,
kosi anafufutika, saini anafufutika,
chiboda chinaphonya r ndi kachala kamodzi.
Lolemba kuli mayeso obwereza, seveni koloko,
ndipo ndalama ya chapa sindinaipemphe.