Dontho la Dzuwa

Mayi Hargreaves anabwera Lachiwiri, ambulera ikudontha,
navula nsapato pakhomo osauzidwa.
Anakuika pasikelo uli mbulanda, iwe Lonjezo,
nalemba kadontho m'kabuku kofiira
pamzere wokwera pang'onopang'ono ngati chitunda cha ku Thabwa.
Kenako anatulutsa kabotolo
kosaposa chala changa chakumapeto.
Akuti khungu longa lakoli linazolowera dzuwa lambiri,
pomwe dzuwa la ku Leeds kuno ndi laumbombo,
limangosuzumira masana, ana asanaweruke lathawa kale.
Mafupa amafuna dzuwa, anatero.
Dontho limodzi m'mawa uliwonse.

Atachoka ndinaseka ndekha.
Ine wa ku Nchalo,
kumene phula limafewa pamsewu,
kumene tinkabisalira dzuwa kunsi kwa ngolo ya nzimbe,
lero ndizikagula dzuwa kusitolo ya mankhwala
ndi chenji chotsala pabasi?

Mayi ako amalowa ntchito ine ndikuweruka.
Timakumana pamasitepe,
iye akumanga mpango, ine ndikununkha sopo wa kunyumba ya okalamba.
"Wayamwa kawiri. Thewera ndasintha. Dontho sindinampatse."
Ndiwo malonje athu masiku ano,
ndipo basi ya ku Harehills siyembekeza chikondi cha munthu.

Usiku wonse ndakhala ndikutembenuza makolo a eni.
Bambo Whitaker amanditchula dzina la mwana wawo
amene sanabwere chiyambire Pasaka,
ine ndimangovomera.
Pa nthawi yopuma, tiyi akuzizira,
ndimawerenga pafoni zimene ofufuza apeza.
Kale ankati mtedza udikire, khanda liyambe lakula.
Tsopano akuti likayamba phala mulilawitse wosinja,
thupi lizolowere lisanayambe kudana nawo.
Nditamuuza Ndaziona anaseka mpaka kugwira khoma:
"Nsinjiro! Anthu a madigiri atulukira nsinjiro!"

Koma si zonse zimene ndimaseka.
Pamene analemba kuti goneka mwana chagada,
pogona pakepake, popanda pilo,
bulangete lisafike kumaso,
ndinaika foni pansi.
Ndinali ndi mlongo, Esinati,
wa miyezi inayi, wonenepa, wosadwala.
Anagona chafufumimba pakati pa akulu awiri mwezi wa Juni
ndipo tambala analira yekha.
Anthu anati tsempho.
Bambo anga anayenda chowerama zaka makumi awiri
atasenza mlandu umene mwina sunali wawo.
Sindikudziwa. Palibe anamuyeza, palibe analemba.
Ndingodziwa kuti ndikalowa m'nyumba muno
ndisanavule jekete
ndimaika chala pansi pa mphuno yako
kudikira kamphepo kofunda.

Kalipo.
Lero kalipo.

Kunja kukadali mdima ngakhale wotchi ikuti kwacha.
Chotenthetsa nyumba chikuguguda ngati mbuzi m'khola,
mita ikudya ndalama mwakachetechete.
Woyandikana nafe akupala chisanu pagalasi la galimoto
ndi khadi la kubanki.
Iwe wadzuka, ukumenya mpweya ndi timiyendo,
ukundiyang'ana ngati ndili nawe ngongole.

Akutinso ndizikulankhula chinenero changa,
ubongo wa khanda suchepa, umanyamula ziwiri.
Chimenecho sindinadikire kuuzidwa.
Ndani angatonthoze mwana m'chilankhulo chimene amapemphera tchuthi kwa bwana?

Bwera kuno, mwana wa kumadambo wobadwira m'chisanu.
Yasamula. Ayi, usalume. Yasamula.
Ndagwira kabotolo mozondotsa,
dzanja likunjenjemera ndi tulo,
ndipo dontho likukana, likulendewera kukamwa kwa botolo,
lachikasu, lozungulira,
longa lija limatuluka kuseri kwa minda ya nzimbe
anthu ali kale panjinga.

Lagwa.
Wakwinya nkhope, wameza.

Tsiku lina, tikiti ikadzatsika mtengo,
ndidzakuimika pabwalo la kwathu masana a Okutobala
kuti ulione lonse, losayezedwa,
udzalire, udzafune mthunzi.
Pakadali pano ndatseka kabotolo,
ndakaika pawindo pafupi ndi makiyi
kuti mawa tisadzaiwale.