Ipume Yokha

Anaibweretsa Lachiwiri ikukokedwa pa chingwe,
Mazda yofiira yakalekale, fungo la utsi likadali m'mipando.
Bambo Moodley anatsamira chitseko cha galaja yathu ku Booysens
nati: Ndatopa nayo nkhono iyi, Lufeyo.
Kachitatu tsopano kundiphulitsira injini.
Ichotse. Galimoto ipume yokha.

Nkhono ndi dzina limene tinapatsa tebo
chifukwa cha kupiringizika kwake,
ngakhale palibe nkhono inathamangapo chonchi.

Injini imeneyi ilibe mapisitoni
okwera ndi kutsika ngati minsi pa mtondo.
Muli zitsulo ziwiri za ngodya zitatu
zovina mozungulira m'chipinda chonga khoko la mtedza,
nsonga zake zikukhula khoma.
Pa nsongapo pali timipeni totsekera mpweya.
Timeneto ndi tomwe tinathetheka
nkhono itakankha mopyola muyezo.

Mabauti a ekizozi anali atapalana ubale ndi dzimbiri.
Awiri anamvera sipanala, lachitatu linaduka mutu,
ndinatukwana m'Chichewa kuti mwini wake asamve.
Ndinatseka mitsempha ya oyilo yoyamwitsa nkhono,
ndinazula mapaipi, ndi chibokosi choziziritsa mpweya,
mpaka pansi pa boneti panatsala malo
oti mphaka wa pagalaja n'kugonapo.

Koma kuchotsa kokha si ntchito.
Zitsulo zozungulirazi anazigoba nkhope mozama
kuti zizilandira mpweya wokankhidwa.
Ukazisiya choncho
galimoto imayenda ngati munthu wodzuka kumalungo.
Tinasaka zina zosazama
masabata awiri, m'manda a magalimoto,
tinazipeza ku Germiston kwa mkulu wa diso limodzi
amene sanachotsepo ngakhale randi.

Ndinamuchenjeza mwini:
Joni ali pamwamba, bambo, mpweya wa kuno ndi wopyapyala.
Mphamvu ina ipita, sibweranso.
Pa chitunda muzidzatsitsa giya
mataxi akukuimbirani hutala.
Iye anangopukuta mandala ake.
Zaka zanga zakwana makumi asanu ndi limodzi, anatero,
ndikuthamangira kuti?

Usiku umenewo magetsi atazima
ndinakhala pa tayala, tochi ili kukamwa,
ndi kukumbuka malume anga a Yotamu.
Anabwera kuno pa Teba ndisanabadwe,
anakumba pansi pa misewu yomwe ino
mpweya ukuwatsikira m'mipope kuchokera ku zikupizo zazikulu.
Anabwerera ku Ntcheu ndi wailesi, chikwama chachitsulo ndi chifuwa.
Ankati: Mphwanga, kumigodi
ngakhale mpweya ndi wa kampani.
Kwathu, pamene mphepo ili yaulere,
mapapo awo anali ataiwala kuikoka.

Nanenso zaka khumi ndi chimodzi
pali chondikankha kumsana:
lendi, pepala la polisi lotha msanga,
foni ya kumudzi mwezi wa feteleza.
Sindidziwa kuti timipeni tanga tatsala tingati.

Lachisanu tinaphunzitsa kompyuta yake kuchepetsa petulo,
kuti isamadikire mlendo amene sadzabweranso.
Ndinapotoza kiyi.
Inatsokomola. Inakana. Inatsokomolanso.
Kenaka liwu lija, brap, brap, brap,
losalala ngati njuchi zolowa m'mgolo,
popanda likhweru lakale pamwamba pake.

Tinakwera nayo msewu wa ku Rosettenville,
mitumbira yachikasu ya migodi ili kumanzere.
Sinatikankhire kumpando.
Inkangokoka, pang'onopang'ono, kukwera, kukwerabe,
singano mpaka kufupi ndi mzere wofiira,
ndipo bakki ya mkaka inatipitirira.
Bambo Moodley anatsitsa galasi, natulutsa chigongono.

Nkhono anandisiyira.
Ili pa shelefu pafupi ndi ketulo.
M'mawa ndisanavale ovolosi
ndimalowetsamo chala ndi kupukusa kampeni kake,
kamazungulira, kamazungulira,
kenaka kamaima kokha.