Tizigamba ta Usiku

Mayi ake a Sungeni, pokwera basi ya ku Joni pa Wenela,
anandipatsira jumbo pawindo.
Munali tizigamba toluka khumi ndi tiwiri,
ndi singano yokhota kumutu
ngati ngowe yothyolera mapapaya.
Anati, "Musataye, ndi siketi ya mwana,
ndidzamaliza pa Khirisimasi."
Makhirisimasi adutsa awiri.

Ine ndine mlonda pa Ginnery Corner,
ndimalondera matayala a eni ake.
Zida zanga ndi chibonga, wezulo ndi tochi yotsinzina,
ndipo usiku ndi wautali kuposa malipiro.

Panalibe wondiphunzitsa.
Ndinamasula kachigamba kamodzi pang'onopang'ono
kutsata mapazi a mkazi wanga chobwerera m'mbuyo:
apa anakoka katatu, apa anasiya mpata,
pangodya anabwereza,
apa ulusi unathina, kaya anali atandikwiyira.
Nditafika pamchombo pake, pomwe anayambira,
ndinatsala ndi ulusi wokhawokha m'manja
ndi mantha.

Katatu, mpata, katatu.
Koyamba kanatuluka ngati chisa cha mpheta.
Kachiwiri ngati khutu.
Likoswe, mlonda wa geti loyandikana,
anaseka mpaka kukhosomola:
"Achimwene, anakudyetsani chiyani mayi aja?"
Chiperoni chitatsika mu Juni, makutu atauma gwa,
anabwera yekha kudzafunsa ngati chipewa ndingachithe.

Ulusi wa m'sitolo si wa thumba langa.
Loweruka ndimapita ku Limbe pa kaunjika,
kusankha majuzi obooka m'zigongono
amene ogulitsa atopa nawo.
Ndimawamasula panjira, m'minibasi ya ku Bangwe,
kondakitala akundiyang'ana cham'mbali.
Ulusi wake umatuluka wopotanapotana,
sunaiwale thupi limene unkafunditsa
kudziko la chisanu komwe sindidzapondako.

Wofiira ndinaupeza pa juzi ya khanda.
Wachikasu ngati wa vesiti ya akabaza.
Wobiriwira wa Michiru mvula itangokata,
ndi wina wosowa dzina,
wa maluwa a jakaranda akagwa pa tala mu Okutobala
n'kupondedwa.
Sindidziwa ngati ikugwirizana.
Pansi pa getsi la pageti mitundu yonse imanama,
ndimaiona zenizeni kukacha.

Vuto ndi mwana.
Lamulungu lililonse ndimamuyeza ndi chingwe,
ndipo chingwe chimafupika.
Ndikaluka tinayi, iye watalika chala.
Ndikawonjezera mzere, mawondo atuluka kale.
Ndinamuuza, "Sungeni, tadikirako,"
iye anaseka, mano awiri akutsogolo palibe,
amene mayi ake sanawaone akugwa.

Makumi atatu ndi kamodzi.
Ndinalumikiza mbandakucha wa Lachisanu,
agalu a kuseri kwa fakitale atatopa kuuwa,
ta mayi ake ndi tanga mosasankha,
towongoka pambali pa tokhota,
m'chiuno ndinadutsitsa chingwe cha nsapato.

Anaivala popita kutchalitchi.
Anatsika chitunda cha ku Bangwe akuzungulira
ngati ambulera yotsegulidwa,
amayi a pa mpopi anasiya zidebe zikusefukira.
Mmodzi anagwira mpendero, nautembenuza,
kuwerenga mfundo zanga zonse ndi maso.
"Waluka ndani?"
Mwana anandiloza ndi chibwano.
Ine ndinayang'ana nsapato zanga, imodzi yopanda chingwe.

Tinajambula ndi foni ya Likoswe, tinatumiza.
Yankho linafika usiku, ndili pageti.
Poyamba mumangomveka mpweya,
ndi galimoto za mumzinda wina,
kenako mawu aang'ono, ngati ochokera m'botolo:
"Wakula chonchi?
Nanga tanga ndi titi pamenepa?"

Ndamvera kasanu.
Sindinayankhe, mayunitsi ndi a mwini wake.
M'jumbo mwatsala wachikasu pang'ono,
ndipo zala zayamba kale zokha:
katatu, mpata,
katatu.