Ya 5:42

Ku Zomba kuno kulibe njanji.
Ukafuna kumva sitima ikulira, kwera minibasi ya ku Liwonde
ukadikire pafupi ndi mlatho.
Koma bambo anga, a Maluwaya,
amene anatha zaka makumi atatu akusanja zilembo
kosindikizira mabuku a boma,
ali ndi sitima yawo, ndipo imayenda pansi pa nthaka.

Anaikwera miyezi itatu yokha,
atatumizidwa kutsidya la nyanja kukaphunzira makina atsopano.
Anzawo anabwerako ndi majekete ndi mawayilesi.
Iwo anabwerako ndi kapepala kopinda kanayi,
ka mizere yofiira, yobiriwira, yakuda,
ndi tikiti imodzi yobooka pakona.
Amayi sanawakhululukirebe.

Tinakula tikudziwa zinthu zopanda ntchito ku Mpondabwino:
kuti poyamba ankakumba msewu ngati ngalande
n'kuvundikira pamwamba,
kuti sitima zoyambazo zinali za malasha,
utsi uli tolo, anthu n'kumatuluka akutsokomola,
kuti pa nthawi ya nkhondo mabanja ankagona m'masiteshoni
mabomba akugwa pamwamba pawo.
Kuti sitima isanaoneke umayamba wamva mphepo kumaso.
Akafika apa ankatsinzina.
"Mphepo, mwanawe. Mphepo yochokera kudzenje."

Mfuko ikalowa m'munda wa mbatata
anthu ena amathamangira khasu.
Iwo ankagwada, n'kumatsata timilu ta dothi ndi chala,
amvekere, injiniya uyu sanapite kusukulu
koma taonani pomwe wakhotera.

Atapuma pantchito anajambula yathu.
Kuseri kwa kalendala ya kampani ya feteleza,
ndi rula ndi mabolopeni atatu:
mzere wofiira kuchoka ku Chinamwali, kudzera ku Matawale, kutsikira kumsika;
wobiriwira kuchoka ku Sadzi, kulowa pansi pa Likangala osanyowa,
kukatulukira ku Chikanda kuti ana a ku Chanco asamachedwe;
wakuda wokwera phiri, umene anaukhwatcha kawiri
poti mwala wa kumeneko, akuti, ungagulule makina mano.
Analemba ndi nthawi zomwe: 5:42, 5:49, 5:56.
Ndinafunsa, bwanji osangoti sikisi koloko?
Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Tsopano dzina langa linawathawa.
Dzulo amanditchula anesi,
lero andifunsa kuti kwathu n'kuti.
Makiyi timawapeza m'chitini cha shuga.
Koma Lachiwiri ndikawakweza pa kabaza wa kuchipatala,
ine pa njinga ina pambuyo,
ndimawamva akuitana masiteshoni imodziimodzi,
a kutsidya aja kusakaniza ndi athu,
osadumpha ngakhale imodzi.
Mnyamata wopalasa uja, thukuta lili kamukamu,
anazolowera: akafika pa depoti amachepetsa liwiro,
"Zitseko zikutsekeka, madala, gwiritsitsani."

Usiku magetsi akazima
amandigwira dzanja n'kuligunditsa pa simenti.
"Ukumva?"
Ndi lole ya matabwa ikutsika kuphiri, ndikudziwa,
mwina jenereta ya pa bala ya a Nkhumbeza.
Koma pansi pakunjenjemeradi pang'ono,
ndipo chitseko cha kukhitchini, chosatsekeka bwino chija,
chalowetsa kamphepo.
Akonza kolala ya malaya.
Afunsa ngati ndatenga tikiti.
Ndati eya, ili m'thumba.
Asuntha pabenchi kundisiyira malo,
ndipo takhala, awiriwiri, mumdima,
maso kumene kukuchokera mphepo.