Mlonda wa pa Nsonga

Nditauza mkazi wanga, Abiti Likoswe,
kuti andisankhire jekete pa kaunjika,
anaseka mpaka lichero linagwa.
Jekete? Ku Mangochi kuno?
Kuno kumene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa,
kumene mwana amabadwa ali kale ndi thukuta?

Sanakwereko.
Sadziwa kuti boma lomweli
lili ndi nyengo ziwiri, ina pamwamba pa inzake.

Njira imayambira kuseri kwa Chowe.
Wakabaza amakusiya pamene miyala yayamba kukana,
amawerenga ndalama zake, osatembenukanso.
Kuchokera apo ndi iwe, chigubu,
kathumba ka usipa ndi mawondo ako,
maola atatu.
Masuku amatha. Mitengo imafupika.
Yomalizayo ndi yopindika msana,
yolendewera ndere zotuwa,
yonse yoweramira kumodzi
kumene mwera unailamula kalekale.

Pamwamba pali ine ndi nsanja ya foni.
Mpanda wa waya, loko wadzimbiri, kanyumba ka malata,
ndi jenereta amene ndinamutcha Che Mdoka
chifukwa amatsokomola kaye asanalankhule
ngati malume anga aja.

Juni akafika
nkhungu imalowa osaodira.
Imadya nsanja kuyambira kumutu,
imadya mpanda, imadya chimbudzi,
ndikatambasula dzanja imandibwereka zala.
Machesi amanyowa ali m'thumba.
Bulangete limalemera ngati lagwa m'chitsime.
Usiku ndimakokera mkeka pafupi ndi Che Mdoka,
ndimagona msana utatsamira nthiti zake zofunda,
ndipo ndimadzuka ndikununkha dizilo.

M'bandakucha madzi otawazira amaluma.
Ndimathira m'manja katatu monga ndinaphunzirira,
kumaso katatu,
koma pofika kumapazi ndimayamba kukambirana ndi Mulungu.
Azana ya kumunsi sifika kuno.
Imathera penapake pakati pa matanthwe,
ndiye ndimadziitana ndekha,
nthunzi ikutuluka m'kamwa ngati ndameza mbaula.

Anyani nawonso amaidziwa mphepoyi.
Amakhala pa mwala mothithikana,
ana pakati, akuluakulu kunja,
amandiyang'ana ine wopanda wondithithika.

Tsiku lina kumayera, mwadzidzidzi,
cha m'ma teni koloko.
Ndimaona zonse nthawi imodzi:
nyanja ili phee ngati lata latsopano,
Shire akutuluka mwakachetechete kupita ku Malombe,
mlatho ngati kachitsotso ka machesi,
Malindi kwathu, kadontho pamphepete pa madzi.
Ndimadziwa kuti kumeneko mchenga ukuwotcha mapazi,
wina akugulitsa madzi ozizira a m'mapepala,
wina akudzikupiza ndi katoni
n'kumapempha kamphepo, kamphepo chabe.
Ndimafuna kukuwa: bwerani mudzatenge!
Kuno yatayikira pansi, palibe woola!

Amati mawu onse a kumunsi amadutsa pamutu panga.
Mitengo ya chambo, maliro, ngongole,
mnyamata wa ku Joni akunamiza mayi ake kuti ali bwino,
chikondi cha pakati pa usiku,
zonse zimakwera kuno, zimagunda chitsulo, n'kutsika.
Ine sindimva kanthu.
Ndimangomva waya akulira mluzu.
Foni yanga ili ndi netiweki yodzaza,
mayunitsi ndiye mulibe.

Pakatha masabata awiri amabwera Sumaila kudzandilandira,
milomo itasweka kale ndi njira.
Ndimamusiyira makiyi, tochi, ndi theka la mchere.
Potsika ndimavula pang'onopang'ono ngati njoka:
chipewa pa masuku,
jekete pa Chowe,
juzi pamene fungo la nsomba layamba.

Ulendo wathawu ndinafika masana, dzuwa lili pamutu.
Abiti Likoswe anali kuchapa.
Anandigwira dzanja kuti andilandire thumba,
n'kulisiya msanga, n'kuligwiranso.
Sanaseke.
Analiika pa tsaya lake lotentha, nthawi yaitali,
kenako anati,
ndi zingati sokosi zija munkanena?