Mzere wa Tsilizani

Magetsi athima teni koloko isanakwane.
Ku Chankhanga kuno kwada bii,
kukuwala nkhope yanga yokha
ndi laputopu yotsala ndi mphindi makumi anayi.

Ntchito yanga ndi kusamala chida chosunga mbiri:
wasintha ndani, wasintha chiyani, tsiku liti.
Palibe amandilipira.
Amandikumbuka chikathyoka.

Usiku uno nthambi ziwiri zakana kulumikizana.
Mnyamata wa ku Zomba wakonza mzere 412,
ine ndinaukonza kale Lachiwiri,
ndipo makina, posadziwa kukondera,
atimangirira pa chikhomo chimodzi ngati atonde
n'kuti: gamulani nokha.

Ndiye ndafukula, chaka pansi pa chaka,
mayina a anthu amene sindinawagwirepo chanza,
mpaka pansi penipeni ndapeza lako,
Tsilizani Chipwaila,
zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, tambala asanalire:
"Musachotse. Chifukwa ndidzalemba mawa."

Ndaseka ndekha mpaka galu wa eni nyumba wauwa.

Kumsewu malole a fodya akubuula,
ulendo wa ku Chinkhoma.
Phula lomwelo ndi limene linakutenga,
minibasi ija sinawoloke Bua.
Tinali titakangana za mzere womwewu.
Ndinakutcha mlesi, pagulu,
ndipo mawuwo alipobe, ndi deti lake, ndi dzina langa.
Chida chathu sichiiwala.
Tinachimanga dala choncho, iwe ndi ine.

Muno chilichonse chimabwezeka.
Lamulo limodzi, dzulo ladzuka n'kukhala pansi
ngati silinachokepo.
Lobweza Lachisanu lija
sitinalilembe.

Mphindi zisanu ndi ziwiri.
Ndachotsa mzere wako kuti ndione,
ndatumiza, netiweki yatsokomola monga mwa masiku onse,
ndipo theka la mbiri latayika m'njira.
Ohoo!
Unkadikira netiweki ya kuno,
yothawa mitambo ikangounjikana pa phiri la Kasungu.
Masekondi atatu a kuleza mtima,
amene a m'mizinda ya magetsi osathima sangawamvetse.

Ndaubwezera pamalo pake.
Pansi pa mawu ako ndalemba anga:
"Chifukwa chake ndi mvula. Usiyeni."
Mnyamata wa ku Zomba ndamuyankha mofatsa,
ndawerenga kawiri ndisanatumize.

Galasi lazima.
Ndakhalabe pampando, zala zili pa mabatani,
kumvetsera madontho oyamba pa malata.